Mpendadzuwa Wakuda ndi Jeke wa Aneba

Chaka chimene mafuta ophikira anakwera mtengo mpaka anthu kumagula a m'timapulasitiki tomanga mfundo, ine ndinali ndikuphunzitsabe pa sukulu ina ya pulayimale ku Machinjiri. Tinkakhala m'nyumba yathuyathu yosamaliza, ndipo kuseri kwake kunali kamalo kotsetsereka komwe chimanga chinkakana chaka ndi chaka. Amuna anga anali dalaivala wa thiraki, pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo, choncho za kamunda kameneko zinali m'manja mwanga.

Maganizo odzala mpendadzuwa sanali anga. Anachokera kwa aneba athu a kumunsi, bambo wachikulire wa Chisilamu amene anagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Makata kwa zaka zambiri. Atapuma anamanga kashedi pakhomo pawo, nkumapanga mageti, mbaula ndi mafelemu a mawindo. Loweruka lina ndikuyanika zovala, anandiitana pa mpanda.

"Aphunzitsi, tabwerani mudzaone chinthu."

Chinthucho chinali felemu yachitsulo. Pansi anaikapo jeke wa galimoto, pamwamba paipi yonenepa yoboolaboola, ndipo m'munsi mwa paipiyo munali kambale kolandirira. Anathiramo mtedza wosinja, nayamba kupopa jeke. Patapita kanthawi, m'timabowo muja munayamba kutuluka timadontho tonyezimira.

"Mtedza ndi ndiwo, sitingauwononge chonchi," anatero. "Koma malo anu akukana chimangawo, mpendadzuwa ungawakonde. Inu mulime, ine ndifinye, tigawane."

Mbewu ndinakagula mumsika wa Ndirande kwa mayi wina wogulitsa zakudya za nkhunda. Inali ya njere zikuluzikulu, zamizeremizere yoyera ndi yakuda, zosangalatsa kuziona m'dzanja. Sabata yomweyo mphunzitsi mnzanga anandipatsa theka la paketi ya mbewu ina yomwe inamutsalira kumunda kwawo. Iyi inali ya njere zing'onozing'ono, zakuda bii, zopakidwa mankhwala. Ndinaipeputsa. Yamizere ija ndinadzala malo onse, yakudayi ndinangoiponya m'mizere yakumapeto, pafupi ndi bafa.

Zonse zinamera bwino. Zitachita maluwa, anthu odutsa pa njira yopita kumpopi ankaima nkumajambula ndi mafoni. Titakolola ndi kuyanika, tinayamba kufinya yamizere, poti ndiyo inali yambiri. Aneba anapopa jeke mpaka thukuta kamukamu, felemu nkumalira, koma mafuta otuluka anali ongonyowetsa kambale. Akazi awo, omwe anabwera ndi botolo lotsukatsuka, anabwerera nalo m'nyumba.

"Tayesani yakudayo," ndinatero, popanda chiyembekezo.

Sanapope nthawi yaitali. Mafuta anayamba kutsika m'mbali mwa paipi, achikasu, onunkhira ngati mtedza wokazinga, ndipo sanasiye msanga. Tinayang'anana. Nthaka inali imodzi, mvula imodzi, wolima mmodzi. Nanga njere yaing'ono yonyozekayo mafuta inawatenga kuti, pamene yaikulu inalibe?

Funso limeneli linandikhala. Ndinayamba kuswa njere ndi mano ndikuziyang'ana. Yamizere inali ndi khoko lokhuthala ngati chikhadabo, mkati kanthu kochepa. Yakuda khoko lake linali lopyapyala, mkati modzaza. Ndinatenga pepala la thumba la simenti, ndikuphwanyirapo njere iliyonse ndi supuni, kenaka nkuliyang'ana padzuwa. Yakuda inkasiya banga lalikulu loonekera kuwala, yamizere kabanga kakang'ono. Ndinaona kusiyanako, koma chifukwa chake sindinachidziwe.

Chomwe ndinadziwa ndi chakuti chaka chamawa ndidzala yakuda yokhayokha. Ndinasunga njere zabwino m'chigubu, mvula itakhazikika nkudzala malo onse.

Zomwe zinamera sindinazimvetse. Chaka choyamba mizere yakuda ija inali yofanana msinkhu ngati ana a sukulu pa asembule. Tsopano wina anatalika kupitirira denga la bafa, wina anathera m'chiuno. Wina anali ndi mutu umodzi waukulu, wina timitu tambirimbiri m'nthambi. Ena anachita maluwa msanga, ena anachedwa. Aneba anabwera kudzaona, nayenda m'mizere manja ali kumbuyo.

"Simunasakanize ndi ya nkhunda ija?"

"Ayi bambo, ndinasankha ndekha njere imodziimodzi."

"Ndiye kuti mbewuyi ili ndi nkhani yake."

Woti atiuze nkhaniyo anabwera yekha. Mwana wa achemwali anga, mtsikana amene anaphunzira za mbewu ku yunivesite ndipo panthawiyo ankagwira ntchito kumalo ena ofufuza za ulimi, anabwera ku ukwati wa mnzake ku Chilomoni nkudzagonera kwathu. M'mawa mwake anapita kuseri kukatsuka mano, ndipo ndinamumva akuseka yekha.

"Anti, munadzala njere zomwe munakolola ku haibulidi, eti?"

Ndinamutengera kwa aneba kuti akamve okha. Anamuikira kampando m'shedi, iwo nakhala pa chitini cha penti.

Anayamba ndi kufotokoza kuti mbewu ya m'paketi ija inali mwana wa makolo awiri osiyana, omwe akatswiri anawasunga padera kwa zaka zambiri, aliyense ndi khalidwe lake, kenaka nkuwakwatitsa. Ana oyamba amatuluka ofanana ndi amphamvu. Koma ana amenewo akaberekana okhaokha, zidzukulu zimatengera uku ndi uku, wina agogo aamuna, wina agogo aakazi, wina zosakanikira.

"Zonsezi zimayendetsedwa ndi majini omwe ali mkati mwa njere," anatero.

Aneba anawongoka pa chitini paja.

"Mwati chiyani, mwanawe? Majini?"

"Eya, majini."

"Majini amene timawadziwa ife, okhala m'mitengo ndi m'madziwa? Ali m'njere?"

Mtsikana uja anagwira pakamwa, naseka mpaka misozi. Anapepesa, nafotokoza kuti mawuwo angofanana kamvekedwe. Majini akewo si mizimu, ndi malangizo ang'onoang'ono olembedwa mkati mwa chamoyo chilichonse, omwe mwana amalandira kwa makolo ake. Ndi omwe amachititsa kuti mwana atenge mphuno ya bambo ake. Aneba anasekanso, koma anati kwa iwo aziwatchula kuti malangizo, chifukwa dzina linalo sangalitchule m'nyumba momwe amapempherera.

Ine ndinafunsa funso langa lija, loti mafuta amalowa bwanji m'njere. Ndinkaganiza kuti mizu imawayamwa m'nthaka.

"M'nthaka mulibe mafuta, anti. Masamba ndi omwe amapanga shuga pogwiritsa ntchito dzuwa, madzi ndi mpweya. Shugayo amapita ku njere. Mkati mwa njere muli tinthu tomwe timagwira ntchito ngati anthu a pa fakitale, wina kudula shuga uja, wina kulumikiza zidutswazo, wina kulongedza. Chotuluka kumapeto ndi mafuta. Njere imawasunga kuti akhale kamba wa kambewu kakadzayamba kumera."

"Ndiye ife timaba kamba wa mwana," anatero aneba.

"Timaba ndithu. Ndipo ntchito yathu ndi kunyengerera mayi kuti alongedze wambiri."

Anati njira yakale ndi yosankha: kuyeza njere za zomera zambirimbiri, kusunga zamafuta ambiri ndi khoko lopyapyala, kuzikwatitsa, nkubwerezanso zaka ndi zaka. Mpendadzuwa wakuda uja unapangidwa choncho. Masiku ano amathanso kutenga kachidutswa ka tsamba la mbewu yaing'ono, kukayeza mu labu, nkudziwiratu ngati ili ndi malangizo a mafuta ambiri, osadikira kuti ikule. Ndipo m'maiko ena amafika pokonza malangizo enieniwo, monga kukweza lamulo lomwe limauza antchito a m'njere aja kuti alimbikire, kapena kutseka njira yomwe shuga amathawira kukapanga zinthu zina.

Apa nkhope ya aneba inasintha.

"Ndinamva pa wailesi kuti amatha kutenga za nyama nkuika m'mbewu. Ine ndingadziwe bwanji kuti mafuta ndikudyawa mulibe za nyama yomwe chipembedzo changa chimaletsa?"

Mtsikana uja sanaseke. Anati funsolo ndi loyenera, ndipo anthu ali ndi ufulu wouzidwa chomwe akudya. Anati mpendadzuwa wathuwu ndi wongokwatitsa maluwa ndi maluwa, palibe chochokera kwina. Za mbewu zokonzedwa mu labu anati iyeyo sanazigwirepo, amangoziwerenga, ndipo sangalumbire pa chilichonse chopangidwa kunja.

Aneba anagwedeza mutu. Kenaka analoza thumba la zotsalira zofinya, zomwe akazi awo ankasakaniza ndi madeya nkumapatsa nkhuku.

"Nanga shuga yense akapita ku mafuta, nkhuku zanga zidzapeza chiyani m'menemu?"

"Zimachepa ndithu," anayankha. "Kawirikawiri mafuta akakwera, chakudya chomanga thupi chimatsika. Njere ili ngati chikwama, ukadzaza mbali imodzi, inayo imapanikizika. Kuntchito timakangana za zomwezi."

Asananyamuke anayenda nane m'munda. Anang'amba chitenje changa chakale, namangirira tinsalu pa zomera zomwe zinali ndi mutu umodzi, tsinde lolimba ndi msinkhu wabwino. Anati zimenezo ndidzakolole padera. Kenaka anandipatsa ntchito ina.

"Mukufuna kuona shuga akusanduka mafuta? Sankhani mutu umodzi. Maluwa akangofota, muzithothola njere m'mphepete nkulawa, sabata iliyonse."

Ndinachitadi. Poyamba njereyo inali yoyera, yofewa, yamadzimadzi, yotsekemera pang'ono ngati phesi la chimanga. Pa pepala la simenti inkangosiya chinyontho chomwe chinkauma nkutha. Kenaka inayamba kulimba ngati mtedza wosakhwima, kutsekemera nkumachepa. Tsiku lina nditaweruka ndinaphwanya ina, ndipo banga lake silinaume. Ndinalisiya pawindo mpaka mawa, linali pomwepo. Ndinaima m'mundamo yunifolomu ya ana ili m'beseni yosachapa, nkumaganiza kuti ntchito yonseyi yakhala ikuchitika kuseri kwa nyumba yanga, popanda phokoso, ine ndikudutsa ndi ndowa. Ndinapita nalo pepalalo kwa aneba. Anavula magalasi awo akuda owotcherera, naliyang'ana padzuwa nthawi yaitali.

Chaka chimenecho mafuta anatuluka ochepa kusiyana ndi a m'paketi, koma a zomera za tinsalu anali abwinoko. Chaka chachitatu tinadzala za tinsalu zokha. Mtsikana uja anatilangiza pafoni kuti mitu yabwino tiziiphimba isanatsegule maluwa, kuti njuchi zisabweretse mungu wa mpendadzuwa wina, poti anthu angapo m'dera lathu anali atayamba kudzala wa nkhunda uja. Aneba anapereka neti yakale ya udzudzu, ine ndinasoka timatumba. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkavundukula, nkusisita mutu wina ndi kansalu kofewa, kenaka kusisita unzake, nkuphimbanso. Zala zinkachita chikasu. Amuna anga atabwera ku ulendo anapeza munda wonse wavala zisoti, ndipo anandifunsa ngati kusukulu kukundipatsa ntchito yochepa.

Sindinganene kuti tinapanga mbewu yatsopano. Mundawo unafananako kusiyana ndi chaka chachiwiri, koma opulupudza sanathe. Mafuta ankatikwanira mabanja awiri kwa miyezi ingapo, ndipo pa Idi akazi a aneba anatitumizira mandasi okazingira mafuta omwewo. Anali ndi kafungo kakekake, ana anga anati akukoma, amuna anga anati azolowera a m'sitolo.

M'chaka chachitatu chomwecho munali chomera chimodzi chachifupi, chothera m'mawondo, chomwe chinachita maluwa anzake asanaganize nkomwe, nkukhwima mvula isanathe. Mutu wake unali waung'ono, ndipo pa pepala banga lake silinali lodabwitsa. Ndinachijambula nkutumizira mtsikana uja kuti aseke nane, ndikumuuza kuti njere zake zipita ku nkhuku. Anaimba nthawi yomweyo.

"Anti, musapatse nkhuku. Chakhwima liti?"

Ndinamuuza. Anafunsa ngati chinali pamthunzi, ngati ndinachithira manyowa mosiyana, ngati masamba ake anadwalapo. Kenaka anati kumadera komwe mvula imadula msanga, mbewu yofulumira choncho ndi yofunika, ndipo mafuta angathe kudzawonjezeredwa pambuyo poikwatitsa ndi ina. Anati mwina sichinthu, mwina changochita mwangozi, koma akufuna kuchiona.

Ndinapukusa kamutu kaja, ndikuyanika njere pa lichero, nkuzimanga m'kansalu. Aneba anaumirira kuti tiziike m'kabotolo kotseka bwino kuopa chinyezi, ndipo anandiperekeza okha pa minibasi mpaka ku depoti, komwe tinapatsira kondakitala wa basi yopita komwe mtsikanayo amagwira ntchito. Pobwerera anandifunsa kuti tidzamva liti zotsatira. Ndinawauza zomwe iye anandiuza, kuti adzala kaye njerezo aone ngati zomera zake zidzatengere kufulumirako, ndipo zimenezo zimatenga nyengo zingapo.

"Chabwino," anatero. "Mukamuimbira mumuuze kuti akadzazikwatitsa, asaiwale nkhuku."