Mbuna yotuwa pamchenga

Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito kuhotela m'tauni, wanditumizira chithunzi pafoni. Ndi kansomba kotuwa m'galasi lowetera nsomba, pakati pa tinzake tabuluu. Akuti abwana ake akufunsa mtundu wake, chifukwa sikokongola ndipo akufuna kukataya. Mtima wanga wawira pomwepo.

Ndili kamtsikana ku Mtakataka, bambo anga ankapalasa bwato mpaka kumiyala ya m'nyanja kukagwira mbuna zamoyo, nsomba zonga za pachithunzizi. Ankazigulitsa kwa mkulu wina wagalimoto, amene ankazitumiza kunja kuti anthu azikaziweta. Tsiku lina mkuluyo anasuzumira m'ndowa, n'kutsegula buku lake la zithunzi.

"Zotuwazi si mtundu umene ndinakutumani," anatero.

"Ndi womwewo, bwana," bambo anayankha. "Zabuluuzo ndi zazimuna, izi ndi zazikazi."

"Inu mungadziwe kuposa buku?"

Mkuluyo anazivuula ndi dzanja n'kuziponya pamchenga wotentha. Imodzi inaphiriphitha pafupi ndi phazi langa, n'kulavula tinsomba tating'ono ngati njere za mpunga. Ine ndinawomba m'manja. Ndinkayesa kuti inadya tinzake, ndiye yalandira chilango chake.

Bambo anagwada n'kuyamba kutola tinsombato ndi chigoba cha nkhono. "Ndi ana ake," anatero motsitsa mawu. "Imawasunga m'kamwa." Pofika nato kumadzi n'kuti titafa kale.

Mwana wanga ndamuyankha kuti abwana akewo ayambe ayang'ana kukhosi kwa kansombako asanakakhudze. Mpaka lero ndimamukwiyira mkulu uja ndi buku lake lojambula zazimuna zokhazokha, koma manja anga amene anawomba aja ndiwo sindinawakhululukirebe.