Kambale Kometera Ndevu ka Abambo

Loweruka limenelo kunacha ndi nkhungu yokhayokha. Phiri la Chongoni silinkaoneka, ndipo mphepo ya Juni inkalira m'mapaini ngati mtsinje wakutali. Ndikukumbukira madontho akugwa kuchokera ku udzu wa denga, ndi ng'ombe za ngolo zikutsokomola m'khola. Panali patatha sabata ziwiri chiikire amayi m'manda. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Loweruka lililonse abambo ankameta ndevu pakhonde pokonzekera tchalitchi, ndipo ine ndinkawatengera madzi otentha. Anali ndi kambale kadothi kokwana m'dzanja limodzi, kamene amayi anawaumbira atangokwatirana. Kunja anakasalaza, koma m'kati anasiyamo mizere ya zala zawo. Abambo ankayamba athiramo madzi owira kuti dothi lifunde, n'kuwakhuthula, kenako n'kuikamo kachidutswa ka sopo. Bulashi ikamazungulira m'mizeremo thovu linkakwera msanga, lochindikala, ndipo linkakhala lofunda mpaka lezala itamaliza tsaya lachiwiri.

M'mawa umenewo kambaleko sitinakapeze. Ndinafunafuna pathandala ndi kuseri kwa mitsuko. Amayi aang'ono, amene ankatiphikira masiku amenewo, anaima pakhomo la khitchini atagwira pakamwa. Tsiku la maliro, iwo ndi amayi aakulu anasonkhanitsa ziwiya za malemu monga mwa mwambo wa kwawo, nakaziswera pamtumbira. Kambale kanali pakati pa zoumba za amayi, ndiye kanapita nawo.

"Alamu, ife timayesa n'ka ndiwo," anatero.

Abambo anakulunga lezala ndi bulashi m'kansalu n'kulowa m'nyumba.

Ndevu zinakula, zakuda zosakanikirana ndi imvi. Pa mwambo wa kumeta anapereka mutu, koma chibwano anakaniza. Sanakalipire munthu. Amayi aang'ono akabweretsa chakudya, ankathokoza akuyang'ana khoma. Tsiku la Mgonero, mbale ya mkate itafika pa iwo, anangoipatsira mnzawo osatengapo. Anthu onse anaona, pakuti abambo anali mkulu wa mpingo. Pobwerera anandiuza motsitsa mawu kuti munthu wosunga kanthu kukhosi sayandikira gome la Ambuye.

Ine ndinaganiza kuti vuto ndi chiwiya basi. Ndinawaumiriza mpaka tinatsikira ku Chimbiya, kudutsa minda ya kachewere yoyera ndi chisanu. M'sitolo ya a Saidi munkanunkhira parafini ndi sopo. A Saidi anandandalika zinthu patebulo, abambo n'kumanyamula chimodzichimodzi. Kapu yachitsulo anati imazizira msanga. Ya pulasitiki anati ndi yoterera, thovu silingagwire. Kambale koyera ka maluwa anakasisita m'kati ndi chala chachikulu kwa nthawi yaitali, n'kukabwezera.

"Abambo, mukusankha kapu kapena mbeta?" a Saidi anaseka. Kenako anaona mitu yathu yometa, nkhope yawo inagwa. "Pepani ndithu. Pakamwa panga pathamanga."

Tinabwerera chimanjamanja. Ulendo wonse ndinkangomva nsapato zawo pamiyala.

Mu Ogasiti, fumbi litayamba kuuluka, analengeza Mgonero wina. Loweruka lake m'mawa amayi aakulu ndi amayi aang'ono anafika pakhonde ndi dengu, nakhala pansi chapatali. Anafunyulula masamba a nthochi n'kutulutsa timbale titatu. Onse awiri sanali oumba. Anakakumba dothi kudambo kumene amayi ankakumba, ndipo kwa mwezi wathunthu ankaumba ndi kuwotcha kuseri kwa khola osatiuza. Zala za amayi aang'ono zinali ndi matuza a moto.

"Tina tonse tinaphulika pamoto," amayi aakulu anatero. "Sankhani, alamu. Mukafuna muswe tonse, ife sitidandaula."

Kena kanali ndi mng'alu. Kena kanali kakuya ngati kamtondo. Kachitatu kanali kopendekeka, kolemera mbali imodzi, ndipo m'kati mwake wina anayesa kukanda mizere. Abambo anakatembenuzatembenuza, nayang'ana zala zamatuza zija.

"Yohane, madzi," anatero.

Ndinathamanga mpaka kudzithira madzi pamwendo. Anayamba adula ndevu ndi sizasi, tsitsi likugwera pamiyendo. Thovu linachedwa kukwera, ndipo linali lamadzimadzi. Anadzicheka kawiri pachibwano. Kenako anatsuka lezala.

"Taonani," amayi aakulu anatero akupukuta m'maso, "nkhope yabwinobwino mumaibisa m'tchire."

Abambo anaseka pang'ono, kuseka kwawo koyamba chilowere chisanu. M'mawa mwake mbale itafika pa iwo, anatenga mkate.

Ndili mwana ndinakhulupirira kuti abambo apeza kambale kabwino, n'chifukwa chake nkhani inatha. Kambaleko sikanali kabwino. Sikankakhazikika pansi, ndipo ankachita kukatchinjiriza ndi mwala kuti kasagubuduke, komabe anakameteramo zaka zonse zotsala. Chiikire mkazi wanga m'manda, ndadziwa kuti chimene munthu wako anachigwira ndi manja ake sichipezeka m'sitolo, ndipo palibe angachiumbenso. Abambo ankadziwa zimenezo pamene ankaitanitsa madzi. Alamu awo analibe china choti n'kubweza koma chimene anabweretsacho, ndipo abambo anawakhululukira.