Mawu Amene Ndinakana Kufewetsa

Mesenjala anafika Lolemba m'mawa, mu Malichi chaka cha 1959, ine ndili pakhonde kusita malaya. Tinkagwila ntchito ofesi imodzi ku Petauke, iye wonyamula makalata, ine womasulila. Tsiku limenelo anakana mpando.

"Bambo, akukufunani. Akuti mubwele ndi mabuku anu onse, ndi makope omwe." Anayang'ana kumbali. "Mutengenso bulangeti. Izi ndanena ndine, iwo sananene."

Mkazi wanga anamva ali m'nyumba. Sanalile. Anapinda bulangeti nalimanga ndi luzi.

Mabukuwo anali a Chingelezi. Kwa zaka zitatu ndinkaphunzila kudzela pa positi, kukonzekela mayeso olowela ku yunivesite, kumene ndinkafuna kukazama pa ntchito yomasulila. Mayesowo anali atayandikila.

Mlandu unayambila ku Nyimba sabata yapitayo. Bwana wa ofesi yathu, mzungu, anasonkhanitsa alimi kuti awauze ubwino wa Chitaganya, chija chophatikiza maiko atatu pansi pa boma limodzi la azungu, ine ndikumasulila. Atamaliza, anaimilila amai ena a ku Nyalugwe, a msinkhu wa amai anga. Analankhula Chinsenga mosathamanga, maso ali pa ine.

"Mwana wanga, umuuze monga mmene ndinenele. Sitinafunsidwe. Sitikufuna. Usathilepo shuga."

Ndinamuuza momwemo. Anthu sanamve Chingelezi changa, koma anaona nkhope ya bwana, naomba m'manja. Pobwelela bwanayo anandipatsa lipoti loti ndisaine. Linkati anthu a ku Nyimba apempha kuti awafotokozelenso bwino. Ndinati amai aja sanapemphe kanthu, ndipo sindinasaine.

Lolemba lija apolisi anandisiya pabenchi mpaka dzuwa litapendeka. Kenako anandilowetsa kwa wapolisi wachizungu amene ndinali ndisanamuonepo. Anatsegula kope langa. Pa phunzilo lina tinkapatsidwa ziganizo zobisa wochita, kuti tizitembenuze wochitayo aonekele. Za m'buku zinali za zenela losweka ndi kalata yotumizidwa. Ine, pofuna kuzolowela, ndinkadzipangila zanga. Wapolisiyo anawelenga mokweza chakuti minda inatengedwa. Pansi pake ndinali nditalemba amene anaitenga.

"Anakuphunzitsa izi ndani?"

"Galamala yanu, bwana. Tsamba lake ndalipinda."

"Ukudziyesa wochenjela?"

"Iyayi. Ndikufuna kukhoza mayeso."

Ankafuna maina a anthu amene anatuma amai aja. Ndinati amai a msinkhu umenewo satumidwa. Lachiwili anafunsanso zomwezo. Lachitatu anabwela ndi anzake awili, ndipo tsiku limenelo mafunso anali ochepa. Kuyambila pamenepo khutu langa lakumanzele silimva. Kwa womasulila zimenezi zimavutako. Ndinaphunzila kukhala mbali imene khutu labwino liloza kwa wolankhula.

Loweluka anatikweza lole, ine ndi amuna ena, ulendo wa tsiku lathunthu. Tinatsikila pamalo a mpanda wa waya. Mlonda wina, wa kum'mawa konkuno, anandilandila ndi mawu awa: "Chizungu chako uchisiye pachipata. Kuno timamva 'inde bwana' chabe."

Sindinachisiye. Aliyense wa ife anali atapatsidwa pepala la Chingelezi lonena chifukwa chomutsekela, ndipo ambili anangolipinda n'kuika m'thumba. Mlimi wina wachikulile wa ku Kaumbwe anandipatsa lake.

"Bambo, ndiwelengeleniko, ndidziwe chimene ndinalakwa."

Ndinaliwelenga kawili. Mlandu munalibe. Koma m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono, munali mzele wonena kuti wotsekeledwa angathe kulemba dandaulo. Palibe amene anatiuza zimenezo. Ndinalemba dandaulo lake pa pepala la thumba la simenti. Pensulo inachokela kwa mlonda yemwe uja: anaigwetsa pafupi ndi phazi langa napitilila osacheuka. Kenako ndinalemba la wina, ndi la winanso. Akuluakulu atadziwa wolemba, ananditsekela kwandekha masabata awili. Za chipindacho ndinganene kuti munthu sakanatha kutambasula miyendo. Nditatuluka ndinapeza anthu akundidikila, mapepala ali m'manja, ndipo ndinayambila pamene ndinalekela.

Mlimi uja anamasulidwa mu Ogasiti. Sindidziwa ngati ndi dandaulo limene linamutulutsa, koma iye ankakhulupilila kuti ndilo. Tsiku la mayeso anga linandipeza ndikuphwanya miyala. Ndinalidziwa, chifukwa masiku ndinkawelenga.

Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, mlonda uja anandinong'oneza kuti, "Mailo kukacha mupita kwanu, bambo." Aka kanali koyamba kunditchula choncho.

M'mawa mwake anandiitanila ku ofesi ya mkulu wa ndende. Pepala londimasula linayenela kuwelengedwa m'chilankhulo changa, motelo anaitana womasulila wawo, bambo wa tayi, wa msinkhu wanga. Anatenga pepalalo patebulo, nayamba kumasulila.

"Akuti boma lakukhululukilani, bambo."

"Welenganinso," ndinatelo. "Ndaliona lili patebulo. Likuti lamulo londitsekela lachotsedwa. Za kukhululuka mulibemo, chifukwa ine sindinapepese."

Anayang'ana bwana wake, nayang'ananso ine. Ndinkadziwa kuti angathe kundibweza kumiyala, ndipo iye ankadziwa zimene zingamugwele. Kenako anayambanso pamwamba, mzele ndi mzele, monga mmene zinalembedwela. Mkulu wa ndende anangogogoda tebulo ndi chala mpaka womasulilayo anamaliza.

Ntchito yanga ya ku ofesi inatha, mabuku sanandibwezele. Ndinalima ku Nyampande, kwawo kwa mkazi wanga, ndipo ku yunivesite ndinakafika imvi zitayamba kale.

Ana anga amandifunsa kuti ufulu ndinaumva liti, pachipata cha ndende kapena tsiku limene mbendela inasintha. Masiku onsewo ndinakondwa. Koma ufulu ndinaumva mu ofesi ija, ndisanatuluke n'komwe, pamene munthu wamantha ananena zoona bwana wake akumva. Ndinadutsa pachipata ndikudziwa kuti m'kati muja ndasiyamo womasulila.