Mabogi a pa Luchenza

Mdzukulu wanga akusita ndi simbi ya makala, ndipo fungo la chitsulo chotentha landibwezera pa siteshoni ya Luchenza.

Ndinali kamtsikana kolongolola. Bambo anga ankayendetsa ngolo ya ng'ombe yotuta mabokosi a tiyi kuchokera ku esiteti, ndipo ndiwo anandiphunzitsa kusiyanitsa sitima. Panali mutu wa sitima waung'ono wa chumuni chachitali ndi wina waukulu wa mawu okhuthala. Mabogi otseka ankanyamula tiyi, osatseka pamwamba ankanyamula malasha ndi mitengo. Ndinkazinyadira zimenezi kuposa nyimbo za kutchalitchi.

Tsiku lina sitima itangotulukira pakona, akapitawo a ku esiteti anafunsa bambo kuti, "Mabogi athu alipo? Titsitse katundu?"

Bambo anafinya maso, nati, "Alipo otseka atatu, kumbuyo kwa mutu."

Ine ndinaseka. "Ayi ababa, onsewo ndi osatseka. Malashawo simukuwaona? Dzana munalakwitsanso."

Akapitawo anasiya kuyang'ana sitima, nayang'ana m'maso mwa bambo, momwe munali mutayamba kuyera.

"Zinayamba liti?" anafunsa motsitsa mawu.

Bambo anatikita m'maso ndi dzanja.

"Ngolo ya azungu singayende ndi munthu wosaona bwino. Mawa chikwapucho mudzapereke kwa wina."

Sitima inaima, nthunzi yofunda n'kutimenya m'miyendo. Bambo anandisisita m'mutu ndi dzanja lawo lokhakhala.

"Tandiuza mwanawe, wabwera lerowu ndi mutu uti?"

Unali waukulu uja. Ndinaudziwa bwinobwino, koma pakamwa panga panakana kutseguka.