Telala wa Agologolo

A Telala anasoka zaka makumi atatu ndi zinayi pakhonde la sitolo ya nsalu, makina awo opalasa ndi mapazi ali pakati pa wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa mabatani. Chimene ankatchuka nacho ndi matumba a mathalauzi. Thumba losoka iwo silinkabooka, ngakhale mwini wake aziyenda ndi misomali. Maso atayamba kuvuta, ulusi n'kumaphonya singano kanayi kasanu, anakweza makinawo pawilibala n'kukawaika kunyumba, pafupi ndi windo loyang'ana kuseri.

Kuseriko kunali mtengo umodzi wa mtedza wa makademiya. Mbande yake anapatsidwa ndi kasitomala wina amene anakondwa ndi suti ya ukwati, ndipo iwo, mwanzeru zawo, anakaibzala pamalo penipeni pomwe akazi awo ankafuna kumangapo khitchini. Chaka ndi chaka nyimbo inali imodzimodzi: "Mayi, dikirani, mudzadya mtedza mpaka nsagwada zidzawawa."

Mtengo unabereka ndithu, koma odya anali ena. Agologolo! Kaya anali atatu kaya khumi, ndani akanawawerenga poti onse nkhope n'zofanana. M'mawa uliwonse ankabwera pamwamba pa mpanda wa njerwa ngati anthu olembedwa ntchito. Zaka ziwiri a Telala anakolola makoko okhaokha.

Chaka chachitatu akazi awo anabwera ndi ndowa n'kuikhazika patsinde pa mtengo.

"Bambo, ine ndatopa kuphikira pakhonde mvula ikundikwapula. Ndowa iyi mukuiona? Ikapanda kudzaza chaka chino, mtengo ugwa, khitchini imangidwa."

"Ndowa imodzi yokha? Mwandipeputsa," anatero a Telala.

Anayamba ndi chidole choopsezera. Munthu wina akanangopachika nsanza pamtanda, koma telala sangalole chinthu chotuluka m'manja mwake kuoneka ngati wamisala. Anachiveka jekete lomwe mwini wake sanabwere kudzatenga, analisita, anakonzanso kolala. Patatha masiku atatu anapeza gologolo atakhala paphewa la bwanayo akudya mosatekeseka. Atapisa m'thumba la jekete anapezamo njere zisanu za mtedza, zosungidwa bwinobwino.

Kalipentala woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda.

"Achimwene, musadzivute. Kulungani lata patsindepo kuti aziterereka, ndipo dulani nthambi zomwe zafika pampandazi. Basi."

"Nthambi zimenezo ndiye zobereka kwambiri," anayankha a Telala. "Zokhomakhoma malata n'zanu. Ine ndili ndi ntchito yanga."

Anatulutsa saka la zidutswa za nsalu zomwe anasunga moyo wawo wonse, n'kuyamba kusoka timatumba. Kathumba kalikonse msoko wobwereza kawiri, kukamwa kuli chingwe chokoka. Singano ankalowetsa ulusi ndi mayi, akung'ung'udza. Anasoka timatumba mazana awiri, n'kukwera makwerero mawondo akulira, kumanga phava lililonse la mtedza m'kathumba kake. Mtengo unangoti mbuu maluwamaluwa, mizeremizere, madonthomadontho, anthu odutsa n'kumaima kufunsa ngati zikugulitsidwa.

Masabata awiri kunali zii. A Telala anayamba kuyenda chifuwa patsogolo, mpaka anauza kalipentala kuti nzeru sagula ku hadiweya.

Ndiye m'mawa wina akumwa tiyi pawindo, anaona gologolo mmodzi wonenepa akununkhiza kathumba kofiira. Anayesa kuluma nsalu, inakana. Anakwera pang'ono, n'kuluma kamtengo kogwira phava, pamwamba pa mfundo. Kathumba pansi phi! Anatsika, anakagwira chingwe ndi mano, n'kukakoka mpaka kuseri kwa mpanda. Anzake, omwe ankaonerera, sanafunikire kuphunzitsidwa kawiri.

Koma abale! Kale kanyamaka kankanyamula mtedza umodziumodzi, maulendo khumi. Tsopano kanali ndi chikwama.

"Mayi, bwerani mudzaone chitsiru chimene munakwatiwa nacho," anaitana a Telala. "Ndawalongedzera katundu ndekha, mpaka chogwirira ndawaikira." Kenako anawonjeza motsitsa mawu, "Koma mwaona? Msoko sunamasuke."

Mayi anaseka mpaka anakhala pansi.

Tsiku lokolola, mtedza sunakwanitse n'kuphimba komwe pansi pa ndowa. A Telala anaugwedeza kuti uoneke wambiri, unangolira ngati timiyala. Pangano ndi pangano. Anapita okha kukabwereka nkhwangwa kwa kalipentala, yemwe anawachitira chifundo osawakumbutsa za lata lija.

Anaima patsinde nkhwangwa ili m'manja. Zinawawawa, osati pang'ono. Zaka khumi akuthirira mtengowu ndi madzi otsukira mbale, ndipo unali chinthu chokhacho pakhomopo chimene chinkawadikirabe m'mawa. Anavula jekete, analavulira m'manja, anayeza pomenya, n'kuyezanso ngati akufuna kudula nsalu ya eni.

"Nkhwangwayo kabwezeni," anatero mayi ali pakhonde.

"Tinagwirizana, mayi. Ndalephera. Khitchini yanu imangidwe."

"Ndati kabwezeni. Chichokere kusitolo kuja munatha chaka chathunthu muli pampando, maso kukhoma, makina atafundidwa nsalu ngati maliro. Ndinkachita mantha kuti mundifera ndikuona. Miyezi iwiri yapitayi ndamva makina akulira kuyambira m'mawa, inu mukuimba nyimbo zosadziwika mutu wake. Mukadula mtengowu muzisokera ndani?"

A Telala anafuna kuyankha zoseketsa monga mwa masiku onse, koma anangoyang'ana pakhonde paja, pomwe khoma linada ndi utsi, pomwe mayi ankakokera mbaula pakona mvula ikayamba. Anachita manyazi, anathokozanso, zonse nthawi imodzi. Anatola jekete n'kutuluka pageti.

Kalipentala anadabwa kuona nkhwangwa ikubwera ilibe n'utomoni womwe.

"Mwadula kale, achimwene?"

"Ayi," anatero a Telala akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Makasitomala anga akana."