Mkamwini wa M'kompyuta

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinabwerera ku famu ya ku Tengwe komwe ndinabadwira, nditanyamula satifiketi ya zamakompyuta ndi timatama pang'ono. Manijala anandipatsa kachipinda kuseri kwa ofesi ndi kompyuta yoti iziwerenga kutentha kwa m'mabalani a fodya. Ntchito imeneyo, imene kumeneko amati basa, ankaigwira kale bambo anga, ndi maso ndi chikhatho, ndipo nyumba yathu ya kukomboni inkayendera ntchitoyo.

Mutu unkandiwawa ndi dalaivala, kapulogalamu kolankhula ndi khadi lolandira mawaya a kumabalani. Ndinali nditamusokerera m'kenelo, mtima weniweni wa kompyuta. Akalakwitsa pang'ono, ndinkamanganso kenelo yonse, kuzimitsa makina, n'kudikira. Fodya sadikira munthu, choncho manijala ankawasungabe bambo.

Ndinaganiza zomusandutsa modyulo, kuti azilowa ndi kutuluka makina ali chiyakire. Kulowa sikunavute. Kutuluka ndi kumene kunandionetsa zakuda: akangoiwala kubweza kamalo kamodzi kamene anabwereka m'memole, kompyuta inkauma gwa. Womufunsa ndinalibe. Anzanga a kukomboni ankati ndasanduka murungu, kutanthauza mzungu, pomwe azungu nawo ankangoona mwana wa mdala wa kumabalani. Sadza, nsima ya kumeneko, ndinkadya ndekha moyang'anizana ndi galasi la kompyuta, ndipo ndinkasungulumwa kwambiri.

Tsiku limene zinatheka ndinasowa womuuza, ndiye ndinapita kwa bambo. Ndinawapeza akusonkhezera moto. Ndinafotokoza mopunthwapunthwa kuti kanthuka kamalowa, kamagwira ntchito, ndipo kakauzidwa kuti kachoke kamabweza zonse, makina osagwedezeka n'komwe.

"Saka, ndiye kuti wapanga mkamwini," anatero. Anati kwawo ku Malawi mwamuna amakakhala kwa mkazi, amalima, amamanga, koma tsiku lomuthamangitsa amangonyamula mphasa. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandifunsa ngati makinawo tsopano sazizimanso. Ndinayankha monyadira kuti sazizimanso.

Fodya atatha, manijala anawaitana bambo kuofesi n'kuwauza kuti ntchito yawo yatha. Sanadandaule pamaso panga. Nyumba anasesa okha, nakabweza kiyi, ovolosi ndi fosholo. Ndinawaperekeza kumsewu kukadikira basi ya ku Karoi, komwe kunali mlongo wanga. Ndinkangosinthasintha dzanja lonyamula chikwama chawo.

Basi itatulukira anandigwira paphewa. "Basa uligwire bwino, mwanangu," anatero. "Koma pano usamangepo ya njerwa."