Njinga ya Maliko Yopanda Kaliyala

Ndinadzuka kunja kukadali mdima, ngati kumeneko kungatchedwe kudzuka, chifukwa tulo take tinali tongotsamira khoma. M'siwa munkamveka fungo la palafini ndi la zitenje zonyowa. Azimayi a kwaya anali atasasa mawu, ena atagona chokhala, ndipo bokosi la mlongo wanga Maliko linali pakati pa chipinda. Mvula imene inayamba iye ali m'chipatala inali isanakate. Unali mvumbi uja wongowaza osaleka, ndipo phiri lonse linali litabisala mu nkhungu.

Chimene chinkandidya mumtima ndi amayi. Iwo panalibe. Anali kuseri kwa phiri kwa mng'ono wanga Esinati, amene anali atangobereka kumene mwana wake woyamba. Madzi anakokolola mlatho wa kumeneko, msewu wozungulira nawo unaduka, moti magalimoto ndi njinga zamoto zinkangobwerera panjira. Nditawauza za zovutazi pa foni, analira nthawi yaitali, kenako anati, "Musamuike ndisanamuone nkhope mwana wanga." Pambuyo pake foni yawo inathima, poti magetsi kunalibe. Koma amalume, amene ndi mwinimbumba wathu, anali atanena kale usiku kuti thupi silingagonenso m'nyumba tsiku lina. Sindinawatsutse, chifukwa nanenso ndinali nditayamba kuona chimene iwo ankaona.

Maliko anafa ndi malungo, pabedi, atafunda bulangete. Ndikunena zimenezi chifukwa tonse kwathu tinkayembekeza kuti adzafera kuphiri. Anayamba ngati wonyamula zikwama za alendo okwera phiri, ndipo mlendo wina anamusiyira njinga yowonongeka, ya matayala okhuthala ndi magiya ambirimbiri. Anaikonza pang'onopang'ono mpaka inayenda. Kuchokera pamenepo sitinamuonenso bwino pakhomo. Alendo akabwera ankawatsogolera m'minda ya tiyi ndi m'munsi mwa phiri, koma ngakhale popanda mlendo ankapita yekha kukafufuza tinjira takale ta ocheka matabwa ndi otchera mbewa, chikwanje atachimangirira kumsana. Ankabwera miyendo ili zilonda zokhazokha, koma akuseka, n'kumatiuza za maiwe ozizira ndi mathanthwe amene ife obadwira pompano sitinawaonepo.

Kuno njinga ndi ya ntchito. Imanyamula thumba la chimanga, nkhuni, nanazi, mbuzi, odwala. Ya Maliko inalibe kaliyala, ndipo iye ankakana kuikapo. Ine pakamwa panga palibe chitseko, choncho ndinkamunena tsiku ndi tsiku kuti ali ndi ng'ombe yosakoka ngolo. Amayi ndiye sankafuna n'kuiona komwe. Akaipeza m'nyumba ankamulamula kuti aitulutse, ati chinthu chosathandiza pakhomo chizigona panja. Tsiku lina Maliko anawauza mwanthabwala kuti adzawakweza kuti akaone kumene amapita. Iwo anayankha kuti adzawakweza ali m'bokosi.

M'mawa umenewo nditatuluka panja, ndinapeza azibambo atazungulira moto pansi pa lona. Kuseri kwa nyumba azimayi anali kulimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi uli tolo, madiramu a madzi a tiyi akuchedwa kuwira. Pamenepo anandipeza Edisoni, mnzake wa Maliko amene amakonza njinga ku Chitakale. Anabwera dzulo lake ndi anzake ena okwera nawo njinga, ndipo onse anachezera pamotopo. Anavula chipewa n'kundiuza motsitsa mawu kuti ilipo njira imene Maliko anaitsegula chilimwe chathachi. Imadutsa pamwamba pa minda ya tiyi, kulowa m'nkhalango, n'kukaoloka mtsinje kumtunda kumene ukadali waung'ono, n'kukatsikira kufupi ndi mudzi wa Esinati. Iye anaiyendapo kamodzi kokha, akutsatira Maliko. Anati akhoza kukawatenga amayi, koma pafunika njinga ya malemuyo, chifukwa ndi yokhayo yolimba, ndipo chishalo chake chimatsika mpaka munthu wamkulu n'kukhalapo ena akukankha.

Ndinapita naye kwa amalume. Iwo anapukusa mutu. Katundu wa womwalira sakhudzidwa maliro asanathe, ndipo zimenezi ngakhale mwana amazidziwa. Anaonjezanso kuti sakufuna maliro awiri, poti amayi miyendo yawo imatupa ndipo phiri likakhala mu nkhungu silicheza ndi munthu.

Ndinagwada n'kunena kuti, "Amalume, mwambo ndikuudziwa. Koma achemwali anu akadzafunsa kuti munayesapo chiyani, mudzawayankha ndinu."

Anayang'ana moto. Kenako anati, "Apite. Koma adzukulu akanena kuti nthawi yakwana, ine sindiwaletsa."

Ndinaitulutsa ndekha njingayo kuchipinda kwake. Ndinadabwa kupepuka kwake, chifukwa zaka zonsezi ndinali ndisanaigwirepo. Ndinapatsa Edisoni ndi anzake bulangete loti akapinde pachishalo, juzi ya amayi ndi chipewa cholimba chimene Maliko ankavala panjinga. Anyamatawo anakankha njinga zawo mpaka kupitirira masamba amene tinayala pamsewu posonyeza maliro, ndipo atadutsa pamenepo anakwera. Ndinaona timagetsi tawo tikukwera m'mizere ya tiyi mpaka nkhungu inatimeza.

Kutacha anthu anayamba kufika. Anabwera anzanga othyola nawo tiyi, atafunda mapepala apulasitiki aja timavala kumunda. Anabwera a mpingo, a kwawo kwa malemu bambo athu, ndi amalonda a ku Nkando amene ankamudziwa Maliko. Akabaza anafika gulu, ndipo aliyense akafika pa masamba aja ankatsika n'kumakankha njinga yake, monga mwa ulemu wake. Anafikanso anthu ena amene palibe ankawadziwa, a mapazi ong'aluka ndi mapewa a zipsera. Tinamva pambuyo pake kuti ndi otola nkhuni a m'mphepete mwa nkhalango. Mayi wina mwa iwo anandigwira dzanja n'kundiuza kuti malemuyo ndi amene anayala mitengo pa kamtsinje kena kamene ankavutika kuoloka ndi mitolo pamutu. Ine zimenezi sindinkazidziwa.

Aliyense wolowa m'siwa ankayang'ana pamalo pamene mayi wa malemu amayenera kukhala, kumutu kwa bokosi. Panali mphasa yokha. Ena ankafunsa monong'ona, ena ankangondiyang'ana. Ndinayesa foni ya Edisoni kangapo koma sinkapezeka, ndipo ndinadziwa kuti alowa m'nkhalango.

Chakumasana mvula inakata pang'ono, koma mitambo ina yakuda inayamba kusonkhana chakum'mawa. Mkulu wa adzukulu anabwera matope ali m'mawondo n'kuuza amalume kuti madzi ayamba kulowa m'manda, akuchita kukapa ndi ndowa, ndipo mvula ina ikagwa makoma a dzenje agumuka. Sankanena mwankhanza ayi, anali atakumba kuyambira mbandakucha. Amalume analamula kuti anthu adye msanga ndipo mwambo uyambe. Anthu anadya chinangwa ndi nandolo ataimirira, poti pansi panalibe pouma.

Tinatulutsa bokosi n'kuliika pabwalo. Sindinapemphe munthu aliyense kuti achedwetse mwambo, koma ndinaona kuti anthu amva okha. Azimayi a kwaya ankaimba nyimbo iliyonse mpaka ndime yomaliza, n'kubwerezanso yoyamba. Woyankhula m'malo mwa akabaza anafotokoza mbiri yonse ya njinga za m'dera lino. Ndiye panaimirira mkulu wa mpingo wina amene Lamulungu lililonse timadandaula kuti akayamba kulalikira saona dzuwa. Tsiku limenelo ndinamudalitsa mumtima. Analalikira za Yakobo, anapita kwa Yobu, anabwerera kwa Yakobo, maso ake akuponyaponya kuphiri. Koma ngakhale iyeyo mawu anamuthera, ndipo anati ameni mokhala ngati akupepesa.

Inafika nthawi yoona nkhope. Anthu anandanda, achibale poyamba, ena pambuyo. Ine ndinakhala pambali pa bokosi ndikuyang'ana mlongo wanga. Pachibwano pake panali chipsera chimene anachitenga atagwa pa thanthwe lina, ndipo ndinakumbukira mmene ndinamunenera tsiku limenelo ndikumutsuka balalo. Mzere unafupika mpaka unatha. Mmisiri anabwera ndi chivundikiro, ndipo kuphiri kunagunda bingu. Ndinaika dzanja langa pamphepete mwa bokosi, osalichotsanso. Mmisiriyo anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana pansi. Ndinali ndi mantha aakulu, osati a maliro okha, komanso oti mwina ndatumiza amayi anga kukafera m'mathanthwe.

Anthu a kumbuyo ndi amene anayamba kutembenuka. Kumtunda, m'kanjira ka m'munda wa tiyi, kunkatsika anthu pang'onopang'ono. Awiri ankakankha njinga zinazo. Pakati panali Edisoni atagwira mahandulo, wina atagwira chishalo kumbuyo, ndipo panjingapo panakhala amayi. Anali atavala juzi ija, kumutu atawaveka chipewa cholimba cha Maliko pamwamba pa duku, dzanja limodzi litagwira phewa la Edisoni. Onse anali matope kuyambira kumapazi mpaka kumaso.

Atafika pa masamba a pamsewu, anyamatawo anaima. Palibe munthu amadutsa pamenepo ali panjinga, ngakhale akhale bwana wa kuesiteti. Amayi anayesa kutsitsa mwendo, koma unali utatupa ngati mtsuko, ndipo anatsala pang'ono kugwa. Amalume anaimirira n'kukweza mawu.

"Asatsike! Bwerani nawo choncho."

Gulu linapatuka, ndipo njinga ya Maliko inadutsa pakati pa anthu itanyamula amayi ake mpaka pabokosi. Tinawatsitsa ndi azimayi anzanga. Anagwada, anavula chipewa chija n'kuchiika pansi, ndipo anamugwira mwana wawo kumaso ndi manja onse awiri. Analira m'Chilomwe, chimene sanachiyankhule pagulu kuyambira pamene anamwalira anganga, agogo athu. Palibe amene anawafulumizitsa, ngakhale adzukulu. Atatha anapukuta matope amene zala zawo zinasiya patsaya pake, n'kuuza mmisiri kuti atseke.

Tinanyamuka kupita kumanda madontho oyamba akugwa. Azibambo ankalandizana bokosi m'njira yoterera, azimayi tikuimba pambuyo. Amayi anawanyamula pampando. Anyamata aja ankayenda kumapeto, akukankha njinga zawo, mmodzi akutsimphina chifukwa anadzipweteka bondo pooloka mtsinje. Adzukulu anakapa madzi komaliza, anatsitsa bokosi, ndipo mapemphero anali aafupi. Pamene tinkaika nkhata, mvula inatsika yamphamvu, anthu n'kubalalika.

Madzulo anthu ambiri anali atapita. Panatsala achibale ochepa, ena atagona kale chifukwa cha kutopa. Lona anali atalitsitsa, ndipo pabwalo panangotsala phulusa lonyowa ndi mapazi a anthu m'matope. Ndinatenthetsa madzi n'kumathowa miyendo ya amayi. Edisoni asanapite anandiuza kuti nkhungu inali yoti sungaone mnzako, ndipo akanasochera pakanapanda timphira ta machubu akale timene Maliko anamangirira pamitengo paliponse pamene njira yagawikana. Ndi timphira tomwe ndinkamulanda kuti ndizimangira nkhuni. M'malo otsetsereka kwambiri amayi ankawabereka kumsana mosinthana, pena ponse anakhala panjinga.

Amayi anaviika mapazi m'madzi otentha aja. Kenako, maso ali pakhoma, anati, "Dziwe lija ankanenali lilipodi. Madzi ake oyera ngati a m'botolo." Anapitiriza kuti atafika pa thanthwe lalikulu nkhungu inang'ambika, ndipo anaona denga la nyumba yathu ndi utsi wa pamaliro. Maliko ankakonda kuwauza kuti akakhala kumeneko amawaona akusesa pabwalo, iwo n'kumamuti ndi wabodza. Ndinangopitiriza kuthowa, misozi ikugwera m'beseni.

Mvula inayambanso kuwaza padenga. Amayi anatchera khutu, kenako anandifunsa kumene kuli njinga ija. Ndinati ili pakhonde, pamene anyamata anaitsamiritsa.

"Ilowetse m'nyumba," anatero amayi. "Inyowa."

Ndinapita kukaitenga, ndipo iwo anasendeza mphasa yawo kuti ipeze malo.